Makope amene ndinaika m'bokosi

Lachiwiri ndinaperekeza mlamu wanga Esinati, wa ku Pfupajena, komboni ya ku Chegutu, kukaonana ndi dokotala amene amabwera ku Kadoma kamodzikamodzi. Esinati ali ndi nthenda yosowa yofoola minofu, yomweyo imene inatenga mkulu wake, mkazi wanga. Masiku ano ngakhale chidebe chikumukanika kunyamula.

Dokotala anati pali ofufuza amene akufuna kuyesa mankhwala atsopano, ndipo akulemba maina a odwala. Koma zapakamwa salandira. Akufuna zolembedwa: nthenda inayamba liti, yayenda bwanji, m'banja inagwirapo ndani.

"Makope a malemu muli nawo?" anandifunsa.

Ndinamuuza kuti ndilibe.

Inu akuno mukudziwa. Umagula kope la ana asukulu pagolosale, anamwino n'kulembamo za matenda ako, n'kukubwezera kuti uzisunga wekha. Mkazi wanga anadzaza asanu. Tsiku la maliro azakhali ake anati, "Nthenda ipite ndi mwini wake." Ndinawaika m'bokosi ndi manja anga, kumiyendo kwake.

Dzina la Esinati silinalembedwe. Akuti tidikire.

"Alamu, ndiye munandikwirira ndi ine pomwe," anatero Esinati tili m'kombi, minibasi yathu ya kuno, akuseka. "Kapena tikawapemphe adzukulu akafukule?"

Ine sindinaseke.

Kulakwa kwanga ndakuvomera pamaso pa Mulungu. Koma nanenso ndifunse. Mkazi wanga anamuyeza ku Chegutu, anamuyezanso ku Kadoma, ku Harare anamutenga magazi. Aliyense ankayambira poyambirira, ngati akumuona koyamba. Panalibe ndi mmodzi yemwe woganiza zosunga mbiri imeneyi, kapena kuuzako mnzake?

Kufakitale ya nsalu kumene ndinkagwira ntchito, belo lililonse la thonje linali ndi nambala yake. Ulusi ukamaduka pamakina, tinkadziwa kumene thonjelo lachokera. Thonje lidziwike chonchi, munthu ayi?

Amati konza kapansi kuti kam'mwamba katsike. Mankhwala timawapempherera, inde. Nanga akabwera adzapeza ndani? Ofufuza akaona kuti kuno kulibe kaundula, amanyamuka n'kupita kumene anakonzeka. Kenako timva kuti nthendayi kuno kulibe, pamene odwala ake akukwawa m'nyumba za ku Ngezi ndi Pfupajena.

Titatsika ku Chegutu ndinamugulira Esinati kope latsopano, lachikuto cholimba. Analitembenuza ndi zala zake zofookazo.

"Ili lokha musadzandiikire m'bokosi, alamu."

Ndinalonjeza. Koma inu a zipatala, mpaka liti mbiri ya odwala idzakhala ikudalira lonjezo la wamasiye?