Miphika Yanga ku Maesiteti

Lemba, Tadala, usadumphe kanthu. Akuti aphunzitsi akufuna kudziwa kutsatsa n'chiyani? Kutsatsa n'kumene ndinachita ine mwezi wathawu: kusenza katundu n'kumayenda khomo ndi khomo, pakamwa posatseka. Mawuwo ndinawapeza kwa amayi anga, kumene anawatenga iwowo kaya.

Ndinanyamuka kuno kwa Wimbe kusanache bwino, dengu la miphika pamutu. Amayi ako anali atanena kale kuti iyi ikapanda kugulidwa ndisiye kuumba, nkhuni zikungotha.

Pamsewu ndinakwera lole yokatenga mabelo a fodya, n'kulipira wani sauzande. Wothandiza dalaivala akuti, "Agogo, geni ikuyenda?" Ine, geni n'chiyaninso? Bambo wina wa jekete anati ndi Chizungu, kutanthauza phindu, mawuwo anabwera ndi anthu a m'tauni. Ndinati basi, ndiye ine geni sindinachitepo chibadwire. Lole yonse kuseka, ine nditakumbatira dengu kuopa mabampu.

Dzuwa litakwera ndinatsika pa esiteti yoyamba. Matenanti onse ali m'zigafa, kusankha fodya. "Miphika! Ya nyemba, ya ndiwo!" Anatuluka ndi agalu okha.

Masana ndinadya chigumu n'kumwera madzi a pamjigo, kenaka wapansi mpaka esiteti yachiwiri. Kumeneko mayi wina wa ku Mulanje, mwana kumsana, anatola mphika umodzi n'kuugogoda ndi chala. Unalira bwino, ine mtima m'malo.

"Ndi wabwino, agogo," anatero. "Koma ife fodya akagulidwa lole imatinyamula. Chaka chatha tinali kwa Njombwa, chaka chamawa kaya. Za dothi palole sizifika. Sefuliya ndiye imapirira."

Khomo lililonse mawu omwewo.

Pobwerera khosi linakana. Ndinatula miphika ija pamthunzi m'mbali mwa msewu, n'kuindanda bwinobwino kuti wofuna atole. Ndinakhala chapatali kuonerera. Anthu ankaiyang'ana n'kupitirira. Yaulere, Tadala, yaulere! Ndinaisiya pomwepo.

Ndinafika kuno madzulo dengu lili mbee, amayi ako n'kuyamba kululutira, kuyesa ndagulitsa. Sindinawauze. Amva lero iwe ukamawerenga.

Aphunzitsiwo ukawauze kuti kutsatsa kumafuna ogula okhala pamalo amodzi, woyenda akhale wamalonda yekha. Kuno masiku ano onse akuyenda.

Tseka bukulo. Kuseri kwa nkhokwe kuli dothi lotsala, katenge uzirire pakhonde.