Zimbale Zitatu za Mawu a Bambo a Chisomo

Ndinanyamuka pa Namitete Lachiwiri, sikisi koloko m'mawa, nditapemphera. M'chikwama munali kawayilesi kanga ka mabatire ndi chimbale chimodzi, cha nyimbo zomwe malemu amuna anga, bambo a Chisomo, ankatsogolera kukwaya. China panalibe. Loweruka tinali ndi mwambo wa chiliza chawo, ndipo ndinkafuna abale amvenso mawu awo. Koma chimbalecho chinayamba kudumphadumpha. Olakwa ndinali ine. Nditaona chada, ndinachikwecha ndi phulusa ngati mbale.

Minibasi inali K300. Pa Msundwe anakweza matumba a mbatata, ine miyendo m'mwamba. Kondakitala ataona ndakumbatira chikwama anati, "Amayi, muli mazira m'menemo?"

"Muli amuna anga," ndinatero. Sanafunsenso.

Pa Mpingu ndinagula nthochi za K20. M'tauni tinafika cha m'ma eyiti.

Pafupi ndi depoti, bambo wina anayala zimbale zopanda kanthu pansi, padzuwa, zomanga ndi mphira. "K30 chimodzi, mayi! Zonse n'zofanana, enawo amangokulipitsani bokosi." Ndinagula chimodzi.

Shopu yomwe anthu anandilozera inali ya mayi wina wa magalasi, a Nabanda, amene amakopera nyimbo pakompyuta. Atatembenuza chimbale changa chokwecha chija anagwira pakamwa.

"Kodi mwachita chiyani, amayi?"

"Phulusa."

"Mayo ine! Khalani pansi, tiyese."

Kompyuta inalira nthawi yaitali, ine ndikupemphera chamumtima. Mwa nyimbo zisanu ndi zitatu, zisanu ndi chimodzi zinatuluka. Ziwiri zinakanika.

Tsopano poziika. A Nabanda anali ndi zimbale za m'kapepala za K60 ndi za m'bokosi za K150. Anatenga changa cha K30 chija n'kuchikweza kuwindo. "Taonani." Ndinaona zala zawo kuseri kwake. Cha m'kapepala chinkaonetsa pang'ono. Cha m'bokosi, ayi ndithu.

"Komatu maso amanama," ndinatero. "Tiyese zonse pakawayilesi kangaka, poti ndi kamene kakaimbe kumudzi."

"Inu mwabwera mutakonzeka, eti?" anaseka.

Atakoperapo nyimbozo, cha K30 chinaimba pakompyuta, koma kawayilesi kanangozungulira n'kukhala chete. Cha K60 chinayamba bwino, pofika nyimbo yachinayi chinachita chibwibwi. Cha m'bokosi a Nabanda anachikopera pang'onopang'ono, akuti kuthamangitsa kumawononga. Tinamvetsera kuyambira yoyamba mpaka yomaliza. Ndinagwedeza dala kawayilesi, osadumpha. Bambo a Chisomo anaimba mpaka kumapeto, ndi kakutsokomola kawo kaja asanayambe ndime yachiwiri. Ndinalira pang'ono. A Nabanda anayang'ana kumbali, n'kundipatsa madzi.

Ndinawauza kuti andikoperenso ziwiri za m'bokosi.

"Zitatu zonse zanu?"

"Kwathu paphando timaponya mbewu zitatu. Chimodzi changa, china cha Chisomo, china chikagona kutchalitchi."

Anandiphunzitsa kugwira m'mbali, kupukuta ndi kansalu kofewa, osaika padzuwa. "Ndipo phulusa lisiyireni mapoto." Mulungu awadalitse mayi amenewo.

Ndalama ya nkhomaliro inathera pomwepo, choncho ndinadya nthochi zotsala. Podutsa padepoti, bambo uja anafuula, "Mayi, china?" Ndinamubwezera chake kuti aziikirapo kapu.

Thuu koloko ndinakwera yobwerera. Kondakitala anali yemwe uja. "Abambo ali bwanji m'chikwamamo?"

"Achira. Tsopano alimo atatu."

Pa Namitete ndinatsika dzuwa likadalipo. Ndaphunzira kuti chinthu sugula chifukwa chonyezimira, uyambe wachiyesa pachako. Nyimbo ziwiri zija zinapita, ndipo ndinazipha ndine. Loweruka kawayilesi katamaliza yachisanu ndi chimodzi, ndinaimirira pafupi ndi chiliza n'kuyambitsa yachisanu ndi chiwiri ndekha. Akwaya analandira.