Ng'oma Imene Anapatsa Aphunzitsi ku Myuziyamu

Chaka chimene Angelezi ankakumbukira kuti patha zaka mazana awiri chithetsereni malonda a akapolo, anthu akuda a ku Manchester tinasanduka ndiwo zosowa. Aliyense ankatifuna. Ine nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito yosambitsa ndi kudyetsa nkhalamba, ndipo palibe mzungu anali atandifunsapo mbiri yanga kupatula a boma oona za anthu othawa kwawo, amenenso anachedwa kuikhulupirira.

Uthenga unabwera kudzera kutchalitchi. Wapampando wa gulu lathu la Amalawi, bambo amene anabwera kudzaphunzira ku yunivesite n'kupezeratu ntchito ya muofesi, anaimirira titamaliza mapemphero. Anati myuziyamu ina, yokhala m'fakitale yakale ya nsalu, ikukonza tsiku lokondwerera ufulu wa anthu ndi mbiri ya deralo, ndipo ikufuna ife. Analankhula theka Chichewa theka Chingerezi, akusisita tayi, ngati ndi iye anamasula akapolowo.

Tinapita anthu asanu ndi awiri kukakumana ndi mtsikana woyendetsa zimenezi. Anali waulemu, wosekerera mpaka mano kuuma. Anatiuza kuti akufuna mawu athu amveke, kenako analankhula yekha ola lathunthu. Pomaliza anati aliyense abweretse chinthu cha makolo ake. Ine ndinabweretsa chitenje chimene ndinagula pamsika wa ku Limbe, cholembedwa m'mphepete kuti chinapangidwa ku China. Mtsikanayo anachilandira ndi manja awiri atavala magolovesi oyera. Sindinamuuze kuti dzulo lake ndinayalapo zovala posita.

Pagulu lathu panali bambo wachikulire amene tonse tinkangowatcha aphunzitsi. Anaphunzitsa mbiri kusekondale ku Nkhotakota zaka zambiri asanathawe. Nkhani yawo yopempha malo okhala inali isanathe, choncho sankaloledwa kugwira ntchito, ndipo mwezi uliwonse ankapita kukasayina kuti boma lidziwe kuti sanasowe. Atamva kuti awapatsa mphindi khumi zolankhula, anakhala ngati abadwanso. Milungu itatu anakhalira kulaibulale. Analemba pamanja masamba khumi ndi awiri: za akapolo amene ankasonkhanitsidwa kwawoko, za thangata m'minda ya azungu, ndi za thonje la kuchigwa cha Shire limene linkabwera kudzapotedwa m'mafakitale ngati yomweyo. Anandiwerengera kawiri pabasi.

"Mwanawe," anatero, "anthuwa akuganiza kuti nkhaniyi inathera panyanja yamchere. Ndikawauza kuti inafika mpaka pakhomo pathu."

Tsikulo linali Loweruka lamvula. Khansala wina, atavala tcheni chagolide pakhosi, anatsegula mwambo ndi kutamanda mtima wabwino wa anthu a mumzindawo. Anatsatira mkulu wa myuziyamu, amene anathokoza khansala. Kenako wapampando wathu anathokoza onse awiri, nafotokoza madigiri ake limodzilimodzi. Aphunzitsi anakhala kutsogolo atavala jekete lobwereka, mapepala ali pamaondo, akuyang'ana wotchi ya pakhoma.

Ndinaona mtsikana uja akubwera chowerama. Anagwada pambali pawo n'kunong'ona, koma ine ndinali pafupi. Anati nthawi yatha, khansala akuthamangira kwina, ndipo wojambula zithunzi akufuna kanthu kosangalatsa. Kodi bambo sangatiimbireko ng'oma m'malo molankhula? Ng'omayo anali nayo kale m'manja, ya ku West Africa, ili ndi kapepala ka sitolo.

"Mayi, ine ndinakulira pamishoni," anayankha aphunzitsi. "Chibadwire sindinaimbepo ng'oma."

Mtsikanayo anaseka poganiza kuti akucheza. Wapampando anawerama chakumbuyo nalankhula m'Chichewa: "Bambo, musatichititse manyazi. Ingomenyani basi. Awa sadziwa kusiyanitsa."

Aphunzitsi anailandira ng'omayo, anaiika bwinobwino pampando wawo, natuluka ndi mapepala awo. Mnyamata wina wa ku Zambia ndiye anaimenya, ndipo ife amayi tinavina. Inde, inenso ndinavina. Tinaimba nyimbo ya kwaya yonena za chiweruzo cha tsiku lomaliza, azungu akuomba m'manja mophonya, khansala akugwedeza tcheni chake. Wina anandiuza pambuyo pake kuti anamva ululu wa makolo anga m'mawu anga. Unali ululu wa msana. Ndinali nditanyamula nkhalamba sabata yonse.

Anthu atathamangira masangweji, ndinapita kukafuna aphunzitsi. Ndinawapeza m'chipinda cha makina akale oombera nsalu, atakhala pabenchi ndi gogo wina wachizungu wa chikhoti chobiriwira. Gogoyo anayamba ntchito m'fakitale yomweyo ali mtsikana, ndipo makinawo anamugonthetsa khutu limodzi. Nayenso anabwera atamva kuti akukondwerera mbiri ya deralo, koma palibe anamufunsa kanthu. Anatilozera chithunzi chachikulu pakhoma, cha atsikana ovala maepuloni.

"Wachitatuyo ndine," anatero mokuwa, monga amachitira ogontha. "Pansipo angolemba kuti ogwira ntchito. Ndinawauza dzina langa chaka chatha. Anati alemba."

Anafunsa aphunzitsi kuti mapepalawo ndi a chiyani. Iwo anati ndi zimene anafuna kunena. Gogoyo anatembenuza khutu labwino nati, "Nenani ndimve."

Anawerenga masamba onse khumi ndi awiri, ataimirira, mokweza ngati ali m'kalasi ya ana makumi asanu ndi atatu. Gogoyo ankawadula pafupipafupi. Anawatsutsa pa za mmene mabelo a thonje ankafikira, nati iye anawaona ndi maso, iwo anangowerenga. Aphunzitsi anatulutsa bolopeni nakonza pomwepo. Atafika pa thangata, gogoyo anafunsa ngati ana ankagwiranso. Atamva kuti inde, anagwedeza mutu nati mayi ake analowa m'fakitale asanathe msinkhu, ndipo anamwalira akutsokomola fumbi la thonje. Kenako mlonda anabwera kudzapempha kuti atsitse mawu, chifukwa kuchipinda chinacho kunali zokambirana za ufulu.

Potuluka anatipatsa timapepala ta nkhope zitatu, yosekerera, yongokhala ndi yokwiya, kuti tichonge mmene tsikulo latikomera. Wapampando anaima pakhomo kuonetsetsa kuti tachonga yoyenera. Gogo uja anabweza kake osalemba, nati kuli bwino timuperekeze akamwe tiyi weniweni. Tinapita naye kukantini ya pafupi ndi siteshoni, ndipo anakangana ndi aphunzitsi za mabungwe a antchito mpaka tiyi kuzizira.

Kuyambira pamenepo aphunzitsi ankakwera basi Lachitatu lililonse kupita kwa gogoyo. Ankamuwerengera makalata a kuchipatala, iye n'kumawauza za masitiraka a kale ndi mabwana amene anawatukwana. Zinatero nyengo yonse yozizira. Chakumayambiriro kwa chaka chotsatira kalata ya boma inabwera yoti aphunzitsi asamutsidwira kunyumba ina ku Newcastle, ndipo anawapatsa masiku owerengeka kuti alongedze. Sanafunsidwe.

Tinawaperekeza anthu awiri, ine ndi gogoyo, amene anabwera ndi ndodo yake ndi mpango wa ubweya woluka yekha. Anawakulunga nawo m'khosi mwaukali, akuwakalipira kuti kumpotoko mphepo yake si yamasewera ndipo jekete lawolo ndi la chibwana. Aphunzitsi anangoti, "Zikomo, mayi," m'Chichewa, nakwera. Basi itanyamuka gogoyo anandifunsa kuti mawuwo akutanthauza chiyani, ndipo ndinachita kubwereza katatu asanamve.