Mano a Katete

Golovesi ija inali yachikopa chofiila, yong'ambika pachala chachikulu, ndipo inkanunkha ngati mbuzi yonyowa. Aphunzitsi a zamasewela anabwela nayo kuchoka ku Lusaka, m'saka limodzi ndi zibonga ndi timipila toyela tolimba ngati mwala. Anati masewelawo ndi besibo: wina aponya mpila, wina aumenya ndi chibonga n'kuthamanga kuzungulila bwalo, otsalawo alimbana n'kuugwila. Kwathu ku Ndake kunalibe anawaonapo. Tinalambula bwalo kuseli kwa zimbudzi za sukulu, m'makona tinaika masaka a feteleza odzaza mchenga.

Ine ndinali mu giledi sikisi. Malo anga anali kutali, m'malile ndi munda wa thonje, kumene mpila unkafika mwa apo ndi apo.

Amene amakumbukila timu ija lelo amangotchula woponya mpila, mwana wa ahedi, chifukwa ndiye yekha anali ndi nsapato. Enafe tinaiwalika. Panali mtsikana wamanzele amene ankamenya kuposa tonse, koma ankathamanga atamanga chitenge poti amai ake anakana kabudula. Panali mapasa a kutsidya kwa mtsinje, othamanga paminga ngati sakumva. Ndiye panali Katete.

Silinali dzina lake. Tinkamuitana choncho chifukwa n'kumene anachokela, ndipo Chichewa chake chinkatiseketsa ife a Chinsenga. Ankakhala kwa bambo wina wa golosale, osati wachibale, n'kumaweta ng'ombe zawo. M'kalasi ankalowa mochedwa, miyendo ili mbuu. Aphunzitsi anamupatsa iyeyo golovesi, imodzi yokhayo, ndi kumuika kumbuyo kwa womenya kuti azinyonyomala pamenepo, azigwila mipila imene chibonga chaphonya. Ndinadzaona ndili wamkulu, pa kanema, kuti wokhala malo amenewo amavala chawaya kumaso ndi chotchinga pachifuwa. M'saka la aphunzitsi munalibe zimenezo, ndipo iwo ankadziwa kuti zimafunika.

Nyengo yozizila yonse ija sitinapambane ngakhale kamodzi. Tinkakwela lole ya thonje kukakumana ndi masukulu ochepa amene analandilako masaka ngati lathu, n'kubwelako milomo itang'aluka ndi mphepo, palibe woimba. Amalume anga ankangoti, "Bola mukanatola thonje, likanaoneka pasikelo." Lolemba lililonse aphunzitsi ankatiimika patsogolo pa sukulu yonse. "Aoneni amene akutivula pagulu," ankatelo. Mwana wa ahedi sankaima nafe. Katete ndiye ankakhala patsogolo, zala zitatupa ngati chinangwa, choti ngakhale pensulo inkamupulumuka.

Masewela omaliza anali ku Petauke. Dzuwa linali litapendeka, ife tikugonja monga mwa masiku onse. Mnyamata wa kumeneko anamenya mpila m'mphepete mwa chibonga, mpilawo unathawila kumbuyo n'kukamupeza Katete pakamwa. Ndinamva kulila kwa mpilawo ndili kutali kuja, ngati chikho chagwa pathanthwe. Katete sanalile. Anangokhala pansi, nalavulila m'golovesi magazi ndi mano akutsogolo.

Aphunzitsi anathamanga, ife n'kumati akukamudzutsa. Anamuvula golovesi, nataya manowo m'fumbi, n'kuyamba kuipukuta pa udzu. "Chikopa ichi sichipezeka kuno," anatelo. Anamuuza akasukuluze m'kamwa pa mjigo abwele msanga. Ana a ku Petauke anali atayamba kale kuomba m'manja ndi kuimba kuti agogo, agogo. Katete anabwelako ataluma kansanza, nanyonyomalanso pomwe paja mpaka masewela anatha. Mipila ina inkamudutsa chifukwa ankatsinzina ikamabwela, ndipo aphunzitsi ankamukalipila pa uliwonse.

Lolemba lake anamuimika yekha pa benchi. Milomo inali itatupa ngati yolumidwa ndi njuchi. Aphunzitsi anati, "Sekelela, anzako aone malipilo a munthu wosayang'ana mpila." Iye anayang'ana pansi. Aphunzitsiwo atabwelezanso, ndodo ili m'manja, Katete anatsegula pakamwa. Sukulu yonse inagwa ndi phwete, ngakhale aphunzitsi ena anatembenukila kumbali mapewa akugwedezeka. Pa nkhanza zonse zimene ndaona m'moyo, palibe inachitika mwadongosolo ngati imeneyo, belu litalila, mbendela ili m'mwamba.

Katete sanabwelenso kusukulu. Tinkamuona kudambo ndi ng'ombe, akutipatsa moni dzanja lili pakamwa. Mvula isanagwe anasowa. Ena ankati wabwelela kwao, ena ankati wapita ku Luangwa kwa asodzi. Bambo wa golosale anangopeza mnyamata wina. Ndafunsapo anzanga angapo a timu ija dzina lake lenileni, palibe akulidziwa.

Chaka chisanathe aphunzitsi anayamba kukonza timu yatsopano. Ine ndinali nditatopa kuima ndekha kumunda wa thonje. Ndinkafuna kukhala pakati pa bwalo, pamene maso a anthu onse ali. Ndinakweza dzanja, ndinati ndikufuna malo a Katete.

Aphunzitsi anati, "Iwe ayi. Amai ako ndimawadziwa, amalume akonso ndimawadziwa."

Anayendetsa maso pamzele wonse, naloza kamnyamata ka mu giledi faifi, koonda, kamene makolo ake onse anali kumanda. Kanatuluka pamzele kakumwetulila, mano onse ali mbee.

Ndinafika kunyumba ndikulila. Nditawafotokozela amai, anasiya kusenda chimanga, nandikokela pachifuwa pawo. Ine ndinawakankha. Ndinkaganiza kuti aphunzitsi andiona wofooka, ndipo amai akuvomeleza. Kamnyamata kaja ndinakachitila nsanje chaka chonse chotsatila. Sindinkadziwa kuti aphunzitsi sankayang'ana mphamvu za manja posankha. Ankafuna mwana amene akavulala sipadzapezeka munthu wobwela kusukulu kudzafunsa.