Tiusipa Tiwiri Tofanana

Ndikukumbukira chaka chimene ndinkanunkha usipa kwambiri moti amphaka a ku Khombedza ankayenda wapansi kudzandiona. Wina adabwera pa minibasi. Wallahi, ndidamuona akutsika.

Zonsezi adaziyambitsa ndi amalume, alongo awo a mayi anga. Adapitako ku koleji, n'kubwerako opanda satifiketi koma ndi katoni ya mabuku a azungu akalekale, anthu amene ntchito yawo inali kukhala pansi n'kumafufuza malamulo a kaganizidwe. Masana amalume ankakonza injini za maboti pansi pa mtengo wa mango kufupi ndi doko, manja ali bii ndi oyilo, uku akutiphunzitsa ine ndi Yusufu, mwana wa mayi anga aang'ono. Nkhani singakhale yoona ndi yabodza nthawi imodzi. Palibe chochitika popanda chifukwa. Ndipo lamulo limene ankalikonda koposa linali lakuti padziko lonse palibe zinthu ziwiri zofanana ndendende.

Malamulowo ndinalibe nawo vuto. Vuto langa linali Yusufu. Tidabadwa chaka chimodzi, koma sipanala ankawagwirira ndi iye, ine n'kumagwira beseni la oyilo wakuda. Mutu wa chambo unkadziwa wokha njira yopita m'mbale yake. Ndikadandaula, amalume ankangoti, "Nonse ndimakukondani mofanana."

Nyengo yotsegulira usodzi ku chilumba cha Mbenji itayandikira, tidamva kuti m'boti la amalume muli malo a mnyamata mmodzi wokapa madzi. Kwa ife Mbenji inali Joni. Wopitako ankabwerako ndi kayendedwe kena.

"Amalume, mutenga ndani?"

"Amene ali ndi chifukwa chokwanira."

"Nanga ndikakubweretserani zinthu ziwiri zofanana ndendende?"

"Ukabweretsa, boti ndi lako. Wokapa madzi ndikhala ine."

Ndidalunjika kumathandala oyanikapo usipa. Ndidati mumtima, pa unyinji wonsewu sipangalephere mapasa. Dzuwa linkaswa mtengo, mchenga ukuwotcha kumapazi, usipa ukunyezimira mpaka maso kutuluka misozi. Ndinkatola kamodzikamodzi n'kukayang'ana kumaso. Aka kapinda mchira. Aka diso lalowa. Aka kayasama ngati kadafa kakutsutsa mtengo wake. Amayi oyanika adandithamangitsa ndi zichiri poganiza kuti ndikuba, kenako adandisiya atagwirizana kuti mutu sukuyenda bwino. Ntchentche zidandizolowera moti zina zinkandiperekeza ku madrasa n'kumandidikira panja.

Potsiriza ndidatipeza. Tiusipa tiwiri, kutalika kumodzi, kupindika kumodzi, nkhope imodzi yodandaula. Ndidatinyamula pa tsamba la mango ngati ndanyamula mazira. Amalume adapukuta manja n'kuwerama kuti ayang'ane bwino. Asanatsegule pakamwa, Yusufu adatola kamodzi, n'kukaluma mutu.

"Tsopano tasiyana," adatero akutafuna.

Sindinalire. Mkwiyo udakwera n'kukatsegula chitseko china m'mutu mwanga chimene sindinkadziwa kuti chilimo.

"Amalume, mumati palibe zinthu ziwiri zofanana."

"Eya."

"Mumatinso mumatikonda mofanana. Zonse ziwirizi sizingakhale zoona. Chimodzi ndi bodza."

Amalume adapukuta sipanala nthawi yaitali moti mango amene anali aawisi pamene ndinkafunsa adapsa n'kugwa. Funsani aliyense wa padoko paja. Kenako adati, "Wanena zoona, Amidu. Sindikukondani mofanana."

"Ndiye woposa ndani?"

"Limenelo ndi funso la kalasi ina."

M'mawa mwake boti lidanyamuka ndi Yusufu. Chifukwa chokwanira chidapezeka: iye ankasambira ngati katumbu, ine ngati nangula. Ndidaima m'madzi olekeza m'mawondo, utsi wa injini ukundilowa m'mphuno, Yusufu akundibayibitsa ndi chigubu chokapira madzi chimene ndinali nditachidula ndekha.

Masiku ano zinthu zidasintha. Mtengo wa mango uja adaudula, pali shopu yotchajira mafoni. Mwana akafuna kudziwa chinthu amafunsa foni, ndipo palibenso amene amayang'ana usipa kumaso. Amalume adatisiya. Yusufu ali ndi maboti awiri. Ndidakawayang'anitsitsa, ndi osafanana.

Pa sadaka ya amalume, Yusufu adandikokera pambali. "Achimwene, ulendo uja adanditopetsa mkuluyu. Kuchoka padoko mpaka pachilumba ankangouza asodzi za inu. Akuti Amidu wandikola ndi lamulo langa lomwe, mwana ameneyu ali ndi mutu."

Iye ankaganiza kuti akundisangalatsa. Koma taganizani. Mawu okoma okhawo amene amalume adandinenerapo moyo wawo wonse, adawamva ndi Yusufu, atakhala pamalo panga, mphepo ya ku Mbenji ikumuwomba bwinobwino. Nsanje ndilibe, wallahi. Ndangoti ndizinene kuti zidziwike.