Liwu Limodzi M'kalata ya Azakhali

Azakhali anga anasoka zaka khumi ndi zinayi m'shopu ya mayi wina amene tonse tinkangomuti Madamu. Makina awo anali kuseri, pambali pa tebulo lositira. Makasitomala ankayamika Madamu, osadziwa kuti kolala iliyonse ndi zipi iliyonse ndi manja a azakhali.

Azakhali atamva kuti kufakitale ya mayunifolomu kukufunika kapitawo, anapempha kalata yowachitira umboni. Madamu analemba mizere itatu m'Chingerezi. Kufakitale anaiwerenga, namwetulira, nati adzawaitana. Sanawaitane.

Lamlungu lina azakhali anapita nayo kalatayo kwa alamu awo, aphunzitsi opuma, naloza liwu limodzi: docile.

"Alamu, apa akuti chiyani? Waluso?"

Alamu anatsegula dikishonale yothothoka chikuto, nayamba ndi kutsokomola. "Akuti wofatsa ngati nkhosa, wongopita kumene wamukokera. Linachokera ku Chilatini, ku liwu loti kuphunzitsa. Kale linkanena munthu wophunzitsika msanga."

"Za kusoka sanalembepo?"

"Olo pang'ono, alamu."

Azakhali sanalire. Lolemba anabwerera kuntchito, "Inde Madamu" ali pakamwa ngati kale, koma maso ali ponseponse. Anadziwa kumene Madamu ankaoda nsalu. Miyeso ya makasitomala anaisunga pamtima: chiuno cha mkazi wa dokotala, mapewa opendekera a loya wina. Chaka chitatha anapeza kachipinda moyang'anizana ndi shopuyo, naika makina pakhomo penipeni. Aliyense wolowa kwa Madamu ankalandira moni wochokera tsidya la msewu.

"Siketi ndinakusokerani ija ikukukhalani bwanji, amayi?"

Anthu anayamba kuwoloka mmodzimmodzi. Mwana wa dokotala atabweza diresi laukwati kwa Madamu chifukwa chokhota m'khwapa, anawoloka onse.

Tsiku lina masana Madamu nawonso anawoloka, ataphimba kumaso ndi ambulera.

"Mwana wanga, ntchitoyi ndinakuphunzitsa ndine. Tiye tiphatikize mashopuwa."

Azakhali sanachotse phazi pa makina. "Tasunthani pang'ono, Madamu, mukunditchinga kuwala."

Shopu ya Madamu ija pano amagulitsiramo mafoni. Azakhali maso afooka, amangosoka makatani ndi mipendero, koma mtima sunafewe. Uthenga wa maliro a Madamu utafika, amayi anga anawachonderera kuti apite, poti munthu akafa mlandu watha. Azakhali anati ali ndi makatani asanu ofunika Lachinayi, napempha kuti tiwagulire ulusi woyera pobwerera.