Mkulu Woyatsa Moto Wosatentha

M'nyumba yoyandikana ndi yanga mumakhala mkulu wina amene amadyera moto wabodza. Tsiku lonse amakhala pakompyuta, kuika malawi pazithunzi za oimba ndi alaliki. Amati chinsinsi si malawiwo ayi, koma kuwala kwake pakhoma ndi pankhope. Zinyalala zikamapsa, ife timathawa utsi, iye amasendera pafupi n'kumapukusa mutu. "Moto weniweni sudziwa kuyaka bwino," amatero. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma bodza ndimalidziwa, ndipo ndimamuuza pamaso.

Mwezi watha shopu ya telala wa mumsewu wathu inapsa masana, makina ake osokera n'kutheratu. Ndinajambula ndi foni yanga, koma dzuwa linali phwee, pachithunzi panangooneka kautsi. Telala anachitumiza kwa mwana wake amene amagwira ntchito kutali, kuti amugulire makina ena. Mwanayo anayankha kuti, "Bambo, kameneka ndi kautsi ka zinyalala."

Telala anapita kwa mkulu uja misozi ili m'maso. Pachithunzi chija mkuluyo anadetsa thambo, anafiiritsa makoma, malawi n'kutulukira pawindo.

Telala anachitumizanso, ndipo mwana uja atachiona anaimbira ine. "Amalume, inu simunama. Zinalidi chonchi?"

Telala anali chilili pambali panga, atandigwira malaya. Ine ndinayankha kuti:

"Shopu inapsa, mwanawe."

Makina anabwera. Dzulo mkulu uja wandipeza pachipata, n'kundivulira chipewa.

"Achimwene, ine zimanditengera maola atatu pakompyuta. Inu mawu atatu basi!"